Poloti ya kunyanja musalipire musanaione nthawi ya mwera

Achemwali, poloti ya ku Senga Bay yomwe akukuuzani kuti madzi safikako ija, gwirani kaye ndalama zanu. Ine yanga ndinagula mu 2017, nthawi yomwe nyanja inaphwera mpaka magetsi kumangozima kuno ku Lilongwe poti madzi mu Shire anachepa. Mchenga unali bwalo lalikulu zedi. Dobadoba uja kundiyendetsa pamenepo nkumati zonsezi ndi zanu bwana. Zanga bwanji, pomwe anali malo a nyanja? Munthu wokulira konko, ankadziwa bwinobwino.

Ndinamanga mpanda wa njerwa ndi kanyumba ka zipinda ziwiri, ndalama zangongole. Mu 2024 madzi anakwera monga munaonera, malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota kumizidwa. Koma chinandimaliza ine ndi mwera wa mu Juni. Mlonda anaimba foni pakati pa usiku, ndinanyamuka ku Area 25 kusanache. Pofika, mpanda uli chiimire koma pansi pake pali mphako yoti mwana nkukwawamo. Funde likabwera limamenya khoma, pobwerera nkukokolola mchenga wa pansi pa maziko. Lina kubwera, kutenganso. Tinaponya matumba a mchenga, madzi ali m'mawondo, mphepo ikulasa, ine ndikuona mng'alu ukuyasama pang'onopang'ono. Dzuwa lisanafike pamutu khoma linagwa, kenako khonde linatsatira. Ndinalira pamaso pa anthu, achemwali.

Msodzi wina wachikulire ndiye anandimasulira. Mafunde safika pagombe molunjika, amabwera chopendekera, ndiye mchenga umayenda m'mbali mwa gombe, mwera kuukankhira kumpoto, mphepo ya mpoto nkuubweza. Wina umabwera ndi mitsinje ngati Linthipe. Tsono neba wanga wa kummwera anaunjika miyala kulowa m'madzi ngati doko, mchenga wonse nkumaima kwake, gombe lake kumakula langa likudyeka. Ndinamudandaulira kangapo, akuti nyanja si yake. Kuonjeza apo malole otapa mchenga usiku, aliyense akuona koma zii. Bango nalo ndinadula ndekha kuti nyanja izioneka bwino, chonsecho ndi lomwe limaswa mphamvu ya funde.

Kaioneni mu Meyi madzi ali pachimake, mubwerenso mu Julayi mwera ukuwomba. Funsani asodzi, osati wogulitsa, akuonetseni pomwe madzi anafika mu 2024. Muonenso zomwe maneba amanga m'madzimo. Koma ngati mwaikonda gulani ndithu, malo a kunyanja akupita. Ingomangani kumtunda, khoma likhale la miyala, maziko akuya, bango musalikhudze. Ine langa ndikuyambiranso chilimwe chino ngongole ikapepuka.