Kodi sikani imadziwa bwanji kulemera kwa mwana ali m'mimba?

Mayi wina wa ku Chinamwali kuno ku Zomba wanditumizira imelo. Akuti mng'ono wake atamujambula sikani kusikelo, anamuuza kuti mwana akulemera makilogalamu 3.3, koma atachira sabata yomweyo mwana anapezeka wa makilogalamu 3. Akufunsa ngati makinawo ali owonongeka, komanso ngati makompyuta ophunzira okha kuwerenga sikani, omwe wamva akukambidwa, athetse zoterezi.

Amayi, kusiyana kwa magalamu 300 kumeneko si chizindikiro choti makina afa. Makinawa sayeza kulemera ayi. Kachipangizo kamene amayendetsa pamimba kaja kamatumiza mafunde a phokoso losamveka ndi khutu la munthu, n'kumadikira kuti abwerere akagunda fupa kapena mnofu. Nthawi imene atenga pobwerera ndi imene makina amasandutsa mtunda, potengera kuti phokoso limayenda mamita 1,540 pa sekondi m'thupi. Liwiro limeneli ndi lapakatikati chabe, chifukwa m'mafuta phokoso limayenda pang'onopang'ono kuposa pamenepo.

Chithunzi chikaoneka, wojambula amayeza mutu wa mwana, kuzungulira kwa mimba yake ndi kutalika kwa fupa la ntchafu. Kulemera kumachokera m'masamu, ndipo makina ambiri amagwiritsabe ntchito amene Frank Hadlock ndi anzake anafalitsa mu 1985 ku Houston, m'dziko la America. Iwo ankajambula ana atatsala pang'ono kubadwa, n'kuwayeza atabadwa, kenako n'kupeza masamu ogwirizanitsa ziwirizi. Ndiye nambala imene mng'ono wanu anauzidwa ikutanthauza kuti ana ena a mutu, mimba ndi ntchafu zotere ankalemera chapamenepa. Kuphonya ndi magalamu 10 pa magalamu 100 alionse n'kozolowereka, makamaka kumapeto, mutu ukatsikira m'chiuno n'kumavuta kuuyeza.

Makompyuta atsopanowa akuyenda m'njira yomweyo, kungoti amaphunzira pa zithunzi zambirimbiri, ndipo amadzipezera okha zoyang'ana. Mu 2022 akatswiri a yunivesite ya North Carolina ku America ndi anzawo a ku Zambia anafalitsa kafukufuku amene ine anandikopa. Anaphunzitsa kompyuta ndi masikani a amayi a ku Lusaka ndi ku America. Munthu wosaphunzira kujambula amangoyendetsa kachipangizo kotsika mtengo pamimba, chokwera ndi chopingasa, osayeza kalikonse, ndipo kompyuta imanena msinkhu wa mimba, kutanthauza masabata amene mimbayo yakwanitsa, mofanana ndi katswiri. Tangoganizani mzamba wa ku Jali kapena ku Mayaka ali nako m'manja!

Chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti ena mwa amayiwo ndi anansi athu. Kompyuta imadziwa zokhazo zimene inaonetsedwa, ndiye aliyense wobwera ndi makina otere ayenera kufunsidwa kuti anawaphunzitsa pa amayi a kuti. Komatu kafukufukuyo anali wa msinkhu wa mimba, osati kulemera, choncho funso lanu sanaliyankhe.

Kumbali ya tsiku lochira, chofunika ndi kufulumira. Mu 2016 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mayi ajambulidwe kamodzi mimba isanakwane masabata 24. M'miyezi itatu yoyamba sikani imaphonya ndi masiku osapitirira 7, pomwe kumapeto ingaphonye ndi masabata atatu. Mng'ono wanu akadzaimanso, mumuperekeze kusikelo msanga.