Dera la anthu opeza bwino, nanga sukulu akutsekeranji? Yankho kwa mayi wa ku Plano

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene anasamukira ku Plano, kumpoto kwa Dallas ku Texas. Ali ndi ana awiri, wina giredi 2, wina giredi 6. Kalata yawo ndaifupikitsa, koma mtima wake ndi uwu:

"Tinasankha Plano chifukwa aliyense ankati sukulu zake ndi zabwino. Lendi tikulipira yoboola m'thumba, ndipo eninyumba amati vuto ndi msonkho wa sukulu. Koma sukulu zina kuno azitseka, ndipo aphunzitsi amatipatsa mndandanda wa zinthu zoti tigule, mpaka tishu. Ndalama zonsezi zimapita kuti? Tisamukire ku Frisco zinthu zisanafike poipa?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira. Eninyumba anu sananame, msonkhowo ulipo ndipo inu mumaulipira kudzera mu lendi. Chimene sanakuuzeni n'chakuti ndalama yotoleredwa ku Plano siikhala yonse ku Plano, ndipo imene imatsalayo aiwerengera pamutu wa mwana amene wakhala pa desiki tsiku limenelo. Mtengo wa nyumba za m'dera sulowamo m'masamu amenewo.

Kwathu mphunzitsi wa ku Nsanje ndi wa ku Chitipa onse malipiro awo amachokera ku Capital Hill. Kuno si choncho. Texas ili ndi zigawo za sukulu zoposa 1,000, pafupifupi chilichonse ndi bodi yake yosankhidwa ndi anthu, ndiponso mphamvu yotolera msonkho wa nyumba ndi malo. Boma la ku Washington limangoponyapo pang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Zotsalazo ndi msonkho wa m'dera ndi thumba la boma la Texas.

Kale dera lililonse linkadya zake. Mu 1968 makolo a ku Edgewood, dera losauka la mu San Antonio, anakasuma kukhoti, atatsogozedwa ndi bambo wina dzina lake Demetrio Rodriguez. Manambala amene anaperekedwa pamlanduwo amandiwawa mpaka lero. Anthu a ku Edgewood ankadzikhomera msonkho wokwera kuposa anzawo a ku Alamo Heights, mumzinda womwewo, koma pa msonkhowo ankapeza madola 26 pa mwana aliyense, pamene Alamo Heights inkapeza madola 333. Mu 1973 khoti lalikulu la dziko lonse linakana dandaulo lawo, oweruza asanu kugonjetsa anayi. Makolowo sanagwe ulesi. Nkhani inapita kumakhoti a Texas, ndipo mu 1989 khoti lalikulu la Texas linagamula kuti kagawidwe kameneko n'kosemphana ndi malamulo. Mu 1993 kunabadwa lamulo limene anthu analipatsa dzina loti Robin Hood: chigawo chimene chuma chake chapitirira mlingo pa mwana aliyense chimabweza ndalama yapamwambayo ku boma. Plano ili m'gulu la obweza kuyambira kalekale, ndipo pali chaka chimene inatumiza madola oposa 200 miliyoni.

Mukamacheza ndi anansi anu mudzamva ambiri akulitukwana lamuloli. Ine sindilitukwana, chifukwa mwana wa ku Edgewood ndi mwana ngati wanu ndi wanga. Pamene ndimaloza chala ndi pa mlingo womwewo. Mu 2019 aphungu a ku Austin, likulu la Texas, anaika ndalama yoyambira pa mwana aliyense pa madola 6,160. Inakhala pomwepo zaka zisanu ndi chimodzi, pamene dizilo wa mabasi, magetsi, inshuwalansi ndi chakudya zinkakwera mmene mukudziwira inu nomwe mukapita ku sitolo ya Kroger. Mu 2025 anaonjezera ndalama zambiri ndithu ku sukulu, makamaka za malipiro a aphunzitsi, koma ndalama yoyambira ija inakwera ndi madola 55 okha. Pakati apo ndalama zapadera za nthawi ya Covid zinatha mu Seputembala 2024. Ndiye nyumba zikakwera mtengo, msonkho umachuluka, koma mlingo sunasunthe kwenikweni, kotero chochulukacho chimangodutsa.

Tsopano za ana. Ife tinakula tikudziwa vuto limodzi, la ana ochuluka kuposa malo. Mu 1994 pulayimale itakhala yaulere, ana oposa miliyoni imodzi anakhamukira kusukulu chaka chimodzi, ena n'kumaphunzirira pansi pa mtengo. N'chifukwa chake zimativuta kumvetsa kuti kalasi yopanda ana nayonso ndi tsoka. Cha m'ma 2012 Plano inali ndi ana pafupifupi 55,000. Pofika 2024 sankakwana 48,000. Anthu amene anagula nyumba zaka makumi atatu zapitazo adakali momwemo, ana awo anakula n'kuchoka. Mabanja achinyamata sangakwanitse mitengo ya lero, ndiye amapitirira kumpoto, ku Prosper, Celina, Melissa ndi Anna. Ana obadwa m'dziko muno akhala akuchepa kuyambira 2007, ndipo sukulu za charter, zolandira ndalama za boma koma zoyendetsedwa ndi mabungwe, zimatengakonso ena. Tangochulukitsani ana 7,000 ndi madola 6,160, mupeza madola oposa 40 miliyoni pachaka. Koma ana amenewo sachoka m'kalasi imodzi. Amachoka awiri apa, atatu apo. Denga ndi lomwe lija, makina oziziritsira ayenera kulirabe mu Ogasiti, ahedi, namwino ndi ophika ayenera kulipidwabe. Ndi mmene bodi ya Plano inafikira pa chigamulo cha mu Juni 2024 chotseka sukulu zinayi: za pulayimale za Davis ndi Forman, ndi zapakati za Armstrong ndi Carpenter. Zigawo zapafupi za Richardson ndi Lewisville nazonso zinachita chimodzimodzi.

Ndinakhalapo pa msonkhano wotere m'chigawo chimene ndimakhala. Anaika mapu pakhoma, dera lililonse ndi mtundu wake, ndipo pambali pa dzina la sukulu iliyonse panali nambala ya mipando yopanda munthu. Kholo lililonse linapatsidwa mphindi zochepa, wotchi ikuwerenga poonekera. Mayi wina amene amagwira ntchito usiku anafotokoza kuti alibe galimoto masana, mwana wake amayenda pansi midadada iwiri, ndipo sukulu yatsopanoyo ili kutsidya kwa msewu waukulu wa mizere isanu ndi umodzi. Mawu anamuthera wotchi isanathe. Ndinabwerera kunyumba mtima uli wolemera, chifukwa masamu a bodi anali oona ndipo misozi ya mayiyo inalinso yoona. Chimene ndinaona n'chakuti nkhwangwa imakonda kugwera sukulu zakale, za m'madera a mafulati, kumene kumakhala ife obwera. Pamenepo mpofunika maso.

Mwina mudzadabwanso kuona makina akumanga nyumba yatsopano ya sukulu chaka chomwe akulira kuti ndalama palibe. Matumba ndi awiri. Lina ndi la ngongole imene ovota amavomereza, yomangira ndi kugula zipangizo, ndipo mu 2022 anthu a ku Plano anavomereza ya madola oposa biliyoni imodzi. Lamulo sililola kutapamo kuti alipire aphunzitsi. Tishu, mapensulo ndi malipiro zili m'thumba linalo, lomwe lafinyika. Mndandanda umene mumanyamula ku Walmart mu Ogasiti umachokera pamenepo, ndipo zimene makolo sanagule mphunzitsi amagula ndi ndalama yake. Ndi zofala moti mu 2025 lamulo la msonkho linkamulola kuchotsera madola 300 pachaka pa zogula zoterezi.

Ndiye musamuke? Ine ndikuti musathamange. Frisco, mzinda woyandikana ndi Plano, inakula mothamanga zedi, koma nayo chiwerengero cha ana chasiya kukwera, ndipo mu Novembala 2024 ovota ake anakana ngongole ndi msonkho umene bodi inapempha. Kumpoto kwenikweni kumene ana akuchuluka kuli mavuto ake: makalasi odzaza, malire a sukulu osinthasintha, ndi ulendo wautali wa kuntchito. Lamulo la ndalama ndi limodzi m'Texas monse, lidzakutsatirani. Kutsekedwa kwa sukulu sikutanthauza kuti maphunziro agwa. Pitani kusukulu ya ana anu mukafunse zinthu zooneka ndi maso: ana alipo angati m'kalasi, aphunzitsi angati anachoka chaka chatha, alipo wothandiza ana ovutika kuwerenga, basi imafika pati. Wa giredi 6 uja wangoyamba kumene kuzolowera anzake, kumuzula popanda chifukwa chogwirika kuli ndi mtengo wake.

Pali zina zimene zili m'manja mwanu. Texas imalipira sukulu potengera ana amene abwera tsiku ndi tsiku, osati amene analembetsa. Cha m'ma 10 koloko m'mawa mphunzitsi amaitana mayina, ndipo mwana amene palibe ndalama yake ya tsikulo yapita. Ife timakonda kunyamula ana mu Disembala n'kukakhala kumudzi mpaka pakati pa Januwale. Maliro akagwa palibe angakuletseni, pitani, koma dziwitsani ofesi polemba. Za tchuthi yesetsani kuzigwirizanitsa ndi kalendala, chifukwa palinso lamulo lakuti mwana apezeke masiku 90 mwa 100 alionse kuti magiredi ake awerengedwe.

Mafomu musamawaope. Pa fomu yofunsa chilankhulo cha pakhomo ambiri a ife timalemba Chingerezi, poopa kuti mwana amuyesa wotsalira. Lembani zoona. Mwana amangoyesedwa, akakhoza nkhani yatha. Akapezeka kuti akufunika thandizo, sukulu imalandira ndalama yoonjezera yomuthandizira, ndipo kholo lili ndi ufulu wovomera kapena kukana. Fomu ya chakudya chaulere kapena chotsika mtengo nayonso imabweretsa ndalama yapadera ku sukulu, ndiye ngati malipiro anu akukuyenerezani, dzazani mopanda manyazi. Ndipo uzani abale amene mapepala awo sanalongosoke kuti kuyambira 1982, pa mlandu wa Plyler umene unachokera ku Tyler konkuno ku Texas, sukulu ya boma ilibe mphamvu yokana mwana chifukwa cha mapepala.

Kutseka sukulu sikudza mwakachetechete, kumayimba ng'oma miyezi yambiri: makomiti, malipoti a chiwerengero cha ana, misonkhano ya m'madera. Misonkhano ya bodi ndi yotseguka, ndipo simufunika kukhala nzika kapena mwini nyumba kuti mulembetse kuyankhula. Kuvota kokha ndiko kwa nzika basi. Ngati simunalumbire kukhala nzika, musayerekeze ngakhale kulembetsa kuvota, chifukwa ndi mlandu umene ungakuonongereni mapepala onse. Amene muli nzika, zisankho za bodi ya Plano zimachitika mu Meyi ndipo anthu amapita ochepa kwambiri, moti mabanja a mpingo umodzi akhoza kumveka. Bajeti ya chaka chotsatira amaikambirana m'miyezi yomweyo. Lembetsani imelo yanu pa tsamba la chigawo kuti mapepala a misonkhano azikufikani, ndipo tsiku loyamba mupite ndi mnzanu mmodzi wa pa fulati panu.