Pepala la kwa amfumu musalitaye, koma lidutse kaye kukhoti

Achemwali, nkhani yanu ndaimva. Munapatsa mmisiri ndalama kuti akumangireni mpanda ku Chirimba, ntchito anaisiyira panjira, ndiye munasainirana pamaso pa amfumu kuti abweza K700,000 m'magawo atatu. Wapereka kamodzi kokha, pano foni sakuyankha. Mukufunsa ngati pepalalo ndi lokwanira kuti masherifu akamulande katundu.

Pakadali pano ayi. Masherifu amayendera chigamulo cha khoti, osati pepala lolemberana kumudzi. Kupolisi nakonso akangokuuzani kuti za ngongole n'zakukhoti. Komabe pepalalo ndi umboni wamphamvu zedi, chifukwa iye mwini anavomera ndi dzanja lake kuti ngongole ilipo. Lisungeni bwino pamodzi ndi mauthenga a WhatsApp ndi a Airtel Money kapena Mpamba osonyeza zomwe munatumizirana. Pitani nazo kukhoti la majisitireti, ku Blantyre kapena ku Limbe, akalaliki akuthandizani kutulutsa samani. Milandu ya ndalama zochuluka ndiyo imapita ku High Court ku Chichiri.

Apa tsono ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ine ndinapsapo. Samani ikangomufika, mudzaona akubwera ndi amalume ake, ati tikambirane pachibale, mlanduwo muchotse. Ine ndinamva chisoni n'kuchotsa. Munthuyo anapereka miyezi iwiri n'kusiya, ndipo ndinayambiranso pachiyambi, ndalama zoyendera n'kutha. Mpaka lero zimandiwawa.

Kukambirana si kolakwika, makhoti amalimbikitsa ndithu. Koma zomwe mwagwirizanazo zikalembedwe kukhoti, woweruza asayine, chidindo chikhalepo. Maloya amati consent order. Ikatero imakhala ndi mphamvu ngati chigamulo, ndipo akaphonya simuyambanso mlandu wina, mumangopempha khoti kuti litume masherifu akagwire katundu n'kugulitsa. Muonetsetse kuti mwalembamo masiku enieni operekera, komanso mawu akuti akalumpha gawo limodzi, ndalama yonse yotsala ikufunika nthawi yomweyo. Kachiganizo kameneka ambiri amakaiwala.

Musanawononge ndalama, fufuzani mwakachetechete ngati munthuyo ali ndi kanthu m'dzina lake, kaya galimoto kaya akaunti kubanki, poti khoti likhozanso kulamula banki kuti ikupatseni kuchokera mu akaunti yake. Kuwina mlandu kwa munthu wopanda chilichonse n'kutenga pepala lina basi.

Musazengerezenso. Lamulo limapereka zaka 6 pa milandu yophwanya pangano, koma anthu otere sachedwa kusamuka, mawa mumva kuti ali ku Joni. Ngati ya loya palibe, yambani mwafika ku ofesi ya Legal Aid Bureau konkuno ku Blantyre, mutatenga pepala lenileni ndi mafotokope ake awiri.