Apolisi anamumenya mlongo wanga m'chitolokosi: ndikadandaule kuti?

Mayi wina wa ku Ntcheu wanditumizira imelo. Mlongo wawo, yemwe amayendetsa kabaza wa njinga yamoto, anamugwira pomuganizira kuti anagula foni yobedwa. Anakhala m'chitolokosi masiku anayi osaonekera kukhoti, anatuluka akutsimphina, msana uli mikwingwirima yokhayokha, ndipo abale anapereka ndalama "ya belo" popanda lisiti. Funso lawo ndi lakuti: kodi wapolisi angasumiridwe, nanga munthu amayambira pati?

Mayi, yambirani kuchipatala, lero lomwe ngati simunapite. Mikwingwirima imazimiririka pakangopita masabata ochepa, ndipo ikazimiririka mwatsala ndi mawu a mlongo wanu okha, kulimbana ndi mawu a apolisi angapo omwe adzanena zofanana. Akamuone dokotala, alembe m'buku lachipatala zomwe wapeza ndi tsiku lake. Jambulani mabalawo pafoni, msana wonse komanso m'mikono momwe munadutsa unyolo. Lembani tsiku ndi nthawi yomwe anamugwira, yomwe anatuluka, mayina a apolisi ngati akuwadziwa, ndiponso anthu omwe anali naye m'chitolokosimo. Amenewo ndi mboni zofunika, koma amabalalika msanga. Vuto lodziwika ndi lakuti kalata yotengera lipoti lachipatala imachokera kupolisi konko. Akakumanani musabwerere kunyumba. Kalandireni chithandizo, zolembedwa m'bukuzo ndi umboni kale.

Malinga ndi momwe mwafotokozera, malamulo aphwanyidwa patatu. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko likuti womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Gawo 19 likuletsa kuzunza munthu, kaya waba kaya sanabe. Ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere. Ndalama munaperekayo inalowa m'thumba la munthu.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti kudandaula ndi kusuma ndi njira ziwiri zosiyana. Dandaulo lingachititse kuti wapolisi alangidwe, atsitsidwe paudindo, achotsedwe ntchito kapena azengedwe mlandu, koma nthawi zambiri silikubweretserani ndalama. Kusuma kumabweretsa chipepeso, koma wolipira ndi boma, ndipo wapolisiyo akhoza kupitiriza kuvala yunifolomu yake. Mungathe kutsata zonse ziwiri.

Dandaulo mukhoza kukapereka kwa mkulu wa polisiyo, koma ine sindiikapo mtima kwambiri pa njira yoti munthu afufuze anyamata ake omwe. Lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa bungwe loima palokha lomva madandaulo okhudza apolisi, la Independent Complaints Commission. Zinatenga zaka pafupifupi khumi kuti liyambe kugwira ntchito, zomwe zikukuuzani momwe akuluakulu ankalionera, koma lilipo, ku Lilongwe, ndipo kufufuza imfa kapena kuvulala kwa munthu m'manja mwa apolisi ndi ntchito yake yeniyeni. Palinso bungwe loona za ufulu wachibadwidwe wa anthu, la Malawi Human Rights Commission. Kulikonse mungapite, perekani dandaulo lolemba, musunge kope lanu lodindidwa.

Kusuma kumafuna loya. Ngati ndalama palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, omwe amathandiza anthu osowa. Wosumiridwa amakhala Attorney General, mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, ndipo lamulo limafuna kuti apatsidwe kaye chidziwitso cha miyezi itatu mlandu usanalowe m'khoti. Milandu yotere ilinso ndi malire a nthawi, choncho musadikire kuti dandaulo lija lithe kaye.

Kodi zimathekadi? Inde, koma mochedwa. Mu Okutobala 2019, wapolisi ataphedwa pa zipolowe za ku Msundwe, amayi ndi atsikana a ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika anadandaula kuti apolisi anawagwirira. Bungwe la maloya achizimayi linatengera nkhaniyo kukhoti, ndipo mu Ogasiti 2020 Jaji Kenyatta Nyirenda analamula kuti amayi 18 alandire chipepeso. Ina ndi ya pafupi ndi kwanuko: Buleya Lule, yemwe ankamuganizira pa nkhani yoba mnyamata wachialubino ku Dedza, anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu Febuluwale 2019. Chomwe chinaigwira nkhaniyo kuti isakwiriridwe ndi lipoti la Dr Charles Dzamalala, amene atapima thupi anapeza kuti munthuyo anazunzidwa ndi magetsi. Apolisi anamangidwa chaka chotsatira. N'chifukwa chake ndayamba ndi zachipatala. Dziwaninso kuti ngakhale mutapambana, boma limachedwa kulipira, nthawi zina zaka.

Chomaliza, yembekezani alendo. Nkhani ikangomveka, kawirikawiri pamabwera munthu, mwina kudzera kwa amfumu kapena kwa wapampando wa makabaza, kudzati "tingokambirana, bwana ali ndi ana". Kulandira kapena kukana zili kwa mlongo wanu, poti ndi iye amakumana ndi apolisiwo pamsewu tsiku ndi tsiku, ndipo mantha akewo si achabe. Koma asasaine pepala lililonse loti wathetsa nkhani loya asanaliwerenge. Wina akamuopseza, alembe tsiku ndi mawu omwe anenedwa, akaonjezere pa dandaulo lija.