Yankho kwa amalume pa nkhani ya mvula

Amalume mwaswera bwanji, pepani ndachedwa kuyankha, malaiti anapita foni n'kuzima. Voisi yanu ija ndamva, mukuti anthu a sayansi anaponda pamwezi kalekale mu 1969 koma mpaka lero akukanika kukuuzani tsiku loti mubzale chimanga kwanu ku Chadiza, nanga nzeru zawozo zili pati? Ine ndaseka ndekha, koma funso lanulo lili ndi mutu.

Mukukumbuka kadamsana wa pa 21 June 2001? Ine ndinali kamwana kwa azakhali ku Lusaka. A sayansi anali atanena kale tsiku ndi nthawi yake, ndipo itangokwana 3 koloko masana kunadadi bii mphindi zitatu, nkhuku za azakhali yavuyavu kuthamangira m'khola. Sanaphonye olo pang'ono. Chifukwa mwezi ndi dziko zimayenda njira yomweyomweyo chaka ndi chaka, ukachita masamu bwino umapeza.

Manje mvula si choncho ai. Kumwambaku mphepo, kutentha, chinyontho, zonse zimangokankhana. Kunali mkulu wina ku America, Edward Lorenz, mu 1961 ankayeserera zanyengo pa kompyuta, ndiye pofuna kubwereza ntchito analemba 0.506 m'malo mwa 0.506127, ati timanambala takumapetoto tilibe ntchito, anapita kukamwa khofi, pobwera anapeza nyengo yatuluka ina kotheratu. Kanthu kakang'ono komwe sunayeze bwino lero, mawa kakula, sabata yamawa kasokoneza zonse. N'chifukwa chake kupitirira masabata awiri palibe angakuuzeni kuti tsiku lakuti igwa, kompyuta ikule bwanji. Si ulesi amalume, mpweyawo ndi mmene ulili. Inunso mumadziwa, mu Chipata momwemo imagwa ya mkokomo ku Kapata wina ali ku Mchini akuyanika ufa.

Chomwe a zanyengo amatha n'kunena za dzinja lonse, koma mwa mwina mwina. Mu 2023 anaona madzi a nyanja ya Pacific atentha, El Niño uja, anachenjeza kuti kuno kumwera kwa Africa mvula ikhoza kuchepa. Tinaona tokha, February 2024 chimanga kupserera chili chiimire, a Hichilema, pulezidenti wa Zambia, mpaka kulengeza pa 29 February kuti ndi ngozi ya dziko lonse, ku damu la magetsi la Kariba madzi kutsika, malaiti osawaona. Apo anakhoza. Koma zoti pamunda panu igwa Lachinayi, iyayi.

Ndipo zomwe sadziwa n'zambiri, sabisa. Chivomezi ngati chija cha ku Karonga mu December 2009, amadziwa malo omwe amakonda kugwedezeka koma tsiku lake palibe anganene. Kachilombo ka HIV anakapeza mu 1983, ma ARV alipo anthu akukhala zaka ndi zaka ali bwinobwino, koma katemera mpaka pano ziii. Choseketsa kwambiri, a zakuthambo amati zonse zomwe timaona, nyenyezi, dziko, ife tomwe, ndi 5 peresenti chabe ya chilengedwe, zotsalazo anangozipatsa maina, kuti ndi chiyani kaya.

Chomwe chimandinyansa ine ndi aja okwera m'basi ndi timabotolo ta mankhwala, ati madokotala alephera ine ndili nawo. Dokotala akati sitinadziwe, sizikutanthauza kuti wa kabotoloyo ndiye wadziwa. Dokotalayo wakuuzani pomwe nzeru zake zathera, winayo sanayeze kanthu, akungofuna ka fifite kwacha kanu.

So za mbewu zija, ine ndikanati musathire yonse ndi mvula yoyamba ngati chaka chatha. Dikirani igwe ndithu, mukumbe ndi khasu muone ngati chinyontho chalowa pansi, ina musungeko yobwerezera, ndipo muzimvera a zanyengo pa wailesi sabata ndi sabata, za masiku ochepazo ndiye amayesetsa. Apatseni moni azakhali, batire yatsala pang'ono.