Chifukwa chake munthu wa ku Scotland safuna kutchedwa Mngelezi

Achimwene, mwafunsa chifukwa chimene mnzanu wa kuntchito wochokera ku Glasgow, mzinda wa ku Scotland, anapsera mtima mutamutchula kuti Mngelezi, chonsecho pasipoti yake ndi yofanana ndi ya munthu wa ku London. Sanakwiye chabe ayi. Mitundu inayi, ya ku England, Wales, Scotland ndi Ireland, inalowa m'nyumba imodzi ya United Kingdom kudzera pa makomo osiyana, ndipo uliwonse umakumbukirabe khomo limene unalowera.

Anthu a ku Wales analowa atagonja pa nkhondo. Kalonga wawo Llywelyn ap Gruffudd anaphedwa mu 1282 pomenyana ndi asilikali a Mfumu Edward I ya ku England, ndipo m'nthawi ya Mfumu Henry VIII dzikolo linaikidwa pansi pa malamulo a England, makhoti n'kumagwiritsa ntchito Chingelezi chokha. N'chifukwa chake pa mbendera ya United Kingdom simupezapo chizindikiro cha Wales, poti pamene ankaikonza n'kuti Wales akuwerengedwa kale ngati gawo la England. Chimene iwo anakakamira ndi chilankhulo chawo, chomwe chikuphunzitsidwa m'sukulu mpaka lero.

Nkhani ya mnzanuyo ndi ina. Angelezi anayesetsa kulanda Scotland, koma Robert the Bruce, mfumu ya ku Scotland, anawagonjetsa ku Bannockburn mu 1314. Mu 1603 Mfumukazi Elizabeth I itamwalira yopanda mwana, ndi mfumu ya ku Scotland, James VI, imene inakalowa ufumu ku London. Nyumba za malamulo za England ndi Scotland zinaphatikizana mu 1707 mwa pangano, Scotland atangotaya chuma chambiri poyesa kukhazikitsa mudzi wa zamalonda ku Darien, m'dziko la Panama, ndipo anthu wamba ambiri sanakondwe nazo. Komabe anasunga malamulo awo, makhoti awo ndi mpingo wawo wa Chipresbiteriyani. Choncho munthu wa ku Scotland amadziona ngati mnzake wa Mngelezi m'pangano, osati kapolo wake, ndipo mu riferendamu ya 2014 anthu 45 pa 100 alionse anavota kuti panganolo lithe. Ine sindigwirizana ndi amene amaika Scotland m'gulu la oponderezedwa okhaokha, chifukwa nawonso anadya nawo phindu la utsamunda. Ife tikudziwa bwino zimenezi: mzinda wa Blantyre unatenga dzina kumudzi kumene David Livingstone anabadwira, ndipo amishoni amene anayamba ntchito ku Blantyre ndi ku Livingstonia, komanso eni kampani ya Mandala, anali a ku Scotland.

Bala lakuya lili ku Ireland. Kuyambira 1609 boma la London linalanda minda ya Akatolika kumpoto, ku Ulster, n'kuipereka kwa Apulotesitanti, ndipo ambiri mwa olandira mindayo anachokera ku Scotland komweko. Kenako kunadza Oliver Cromwell, mkulu wa asilikali a ku England, amene asilikali ake anapha anthu ambiri ku Drogheda mu 1649. Ireland anaphatikizidwa ndi Britain mu 1801, koma mbatatesi zitagwidwa ndi matenda kuyambira 1845, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa ndi njala ndipo enanso ochuluka chomwecho anathawira kunja, uku zakudya zina zikutumizidwabe kunja pa sitima. Mpaka pano chiwerengero cha anthu pa chilumbacho sichinabwerere pamene chinali njalayo isanagwe. Anthu a ku Ireland atagalukira boma mumzinda wa Dublin mu 1916 ndi kumenya nkhondo yofuna ufulu, maboma 26 anapatuka mu 1922, pamene maboma 6 a kumpoto anatsala mu United Kingdom. Kumpotoko mkangano unabukanso kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo anthu oposa 3,500 anafa mtendere usanabwere ndi pangano la pa Lachisanu Loyera mu 1998.

Tsono mnzanuyo muzingonena kuti ndi wa ku Scotland. Wa ku Dublin ali ndi dziko lakelake ndi pulezidenti wake, choncho musamuike n'komwe pansi pa mfumu ya ku London. Koma mukakumana ndi wa ku Belfast, kumpoto kwa Ireland kuja, musiyeni anene yekha, pakuti pangano la 1998 lija limamulola kukhala nzika ya Britain, ya Ireland, kapena ya mayiko onse awiri.