Yankho kwa azakhali pa za tizotupa ta m'miyendo

Azakhali, mwaswera bwanji? Uthenga wanu ndaumva. Mwati m'miyendo mwatuluka tizotupa 7 tolimba, todera, m'miyezi itatu yokha, ndiye mukufunsa ngati ndi khansa komanso ngati mungatemepo mphini. Mphini ayi, chonde. Khungu lathu silichedwa kupanga chipsera chotupa, keloid ija, ndipo mudzasokoneza adokotala popima.

Tayesani izi: tsinani kamodzi m'mbali ndi zala ziwiri. Pakati pake pakabonyokera mkati, nthawi zambiri kamakhala dermatofibroma. Sikhansa. Kamodzi kapena tiwiri, tosafika sentimita imodzi, anthu ambiri ali nato ndipo amangotisiya.

Chandidetsa nkhawa ndi kuchulukako. Tikatuluka 5 mpaka 8 m'miyezi inayi, kapena kupitirira 15, sizichitikachitika, ndipo madokotala amayamba kufufuza chitetezo cha m'thupi. Matenda amene amapezeka kawirikawiri kumbuyo kwake ndi lupus, pamene chitetezo chimaukira thupi lomwe, khungu, mfundo, magazi, mpaka impso. HIV imachititsanso, ngakhalenso kumwa mankhwala a prednisolone nthawi yaitali. Ndiye ndikufunseni, azakhali: mfundo za zala zimauma m'mamawa? Tsitsi likuthothoka? Tizilonda m'kamwa? Masaya amatuluka zidzolo mukakhala padzuwa? Mkodzo ukuchita thovu, mapazi kutupa? Ziwiri zomalizazi musazichedwetse, ndi impso zimenezo, ndipo zimawonongeka mwakachetechete.

Pitani kuchipatala cha boma akulembereni kalata yopita kukiliniki ya khungu ku Queens kapena ku Central. Kumeneko pemphani biopsy. Amabaya jekeseni yochititsa dzanzi, n'kuchotsa kachidutswa ka chotupacho ka mamilimita 4 kokayeza, n'kusoka. Pamwendo ulusi amachotsa pakatha masiku 10 mpaka 14. Ayezenso magazi onse, HIV, mapuloteni mumkodzo, ndi ANA, kuyeza magazi kofufuza lupus. Biopsy musaizembe, chifukwa kuno kwathu khansa ya Kaposi sarcoma nayo imayambira m'miyendo ndi tizotupa todera totere.

Chinanso, ngati kena kakukula kupitirira masentimita awiri, makamaka pamsana, pamimba kapena pachifuwa, kawonetseni padera. Pali khansa yosowa, DFSP, yokhala ndi mizu yobisika pansi pa khungu. Akaidula mochepa imamera kachiwiri, n'chifukwa chake amadula ndi khungu labwino masentimita awiri kapena atatu mozungulira.

Mutenge buku lanu lakuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa, azitsamba omwe. Ngati muli pa prednisolone musaisiye mwadzidzidzi, imeneyo amachepetsa pang'onopang'ono ndi adokotala. Mundiyankhe mafunso aja usiku uno.